Masamba a hawthorn ali ndi ma antioxidant ambiri, kodi ndingasiye mapiritsi a BP?

"Ndine mayi wa zaka 54, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Cosmo City ku Joni ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ndakhala ndikumwa mapiritsi a BP kwa zaka 6, amlodipine ndi ena aja okodzetsa. Mnzanga wa kumpingo akugulitsa makapisozi a masamba a hawthorn. Akuti ali ndi ma antioxidant ambiri, amatsuka magazi ndi kulimbitsa mtima, ndipo ndikamwa miyezi itatu nditha kusiya mapiritsi. Kunena zoona mapiritsi anditopetsa. Masiku ano miyendo ikumatupa madzulo, ndikakwera masitepe kuntchito ndimachita befu, ndipo usiku ndikumagona motsamira mapilo atatu. Bambo akunyumba amasamala maluwa kwa azungu ena, ndiye akuti mtengo umenewu ulipo pampanda, atha kumandithyolera masamba ulere. Chonde ndithandizeni nzeru."

Amayi, zikomo polemba, makamaka chifukwa mwafunsa musanasiye mapiritsi. Ambiri amene ndimakumana nawo m'famase kuno ku Joni amabwera kudzafunsa atasiya kale, botolo la zitsamba lili theka. Kutopa ndi mapiritsi si tchimo. Zaka 6 mukumeza kambewu m'mawa uliwonse pa matenda osapweteka, munthu aliyense angalakelake njira ina. Ndipo mnzanuyo sakunama pa zonse ayi. Masamba a hawthorn alidi ndi ma antioxidant ochuluka, ndipo mwa zitsamba zimene anthu amamwera mtima, ichi ndi chimodzi mwa zimene zafufuzidwa kwambiri. Tikambirana zonsezo, koma ndiyambe ndi chimene chandigwira mtima m'kalata yanu, chifukwa si makapisoziwo.

Miyendo yotupa, befu pa masitepe amene kale munkakwera osamva kanthu, ndi mapilo atatu usiku. Chimodzi chokha mwa izi sichikanandiopsa. Amlodipine payekha amatupitsa akakolo mwa anthu ambiri, makamaka amene amaima tsiku lonse monga inu mukamasita ndi kukolopa. Befu angabwere chifukwa cha kuchepa kwa magazi, TB, kapena kunenepa. Koma zitatuzi zikabwera pamodzi mwa munthu wa BP ya zaka zambiri, choyamba chimene timaganizira ndi mtima wotopa, umene sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi akudikha m'miyendo ndi m'mapapo. Mukagona chagada madziwo amasefukira kuchifuwa, n'chifukwa chake thupi likukupemphani mapilo. Sindinganene kuti ndi zimenezo ndisanakuoneni, koma pitani kukiliniki sabata ino, osadikira tsiku lotenga mapiritsi. Pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath panachitika kafukufuku wotchedwa Heart of Soweto, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Karen Sliwa, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anapeza kuti odwala mtima oposa theka anali amayi, ambiri ankafika mochedwa mtima utafooka kale, ndipo BP inali m'gulu la zoyambitsa zazikulu. Sindikufuna kuti inu mukhale m'gulu la ofika mochedwawo.

Tsopano za mtengowo. Hawthorn ndi kamtengo ka minga kochokera kumaiko ozizira, m'banja limodzi ndi maapozi. Dzina lake la sayansi ndi Crataegus, ndipo mitundu imene amapangira mankhwala ku Ulaya ndi Crataegus monogyna ndi Crataegus laevigata. Kumeneko umachita maluwa oyera m'mwezi wa Meyi, kenaka tizipatso tofiira. Ku China kuli mtundu wina, Crataegus pinnatifida, umene zipatso zake amadya ngati maswiti ndi kumwera m'mimba. Dzina la Chichewa ulibe chifukwa si mtengo wa kwathu. Gawo limene akatswiri alifufuza kwambiri pa za mtima ndi masamba pamodzi ndi maluwa, osati zipatso.

Mawu akuti antioxidant akugulitsa zinthu zambiri masiku ano, kuyambira tiyi mpaka mafuta odzola, ndiye tiyeni tiwamvetse. Mukadula peyala kapena nthochi n'kusiya pambale, pakapita kanthawi pamada. Mukafinyirapo ndimu, pamachedwa kuda. Malata akakhalitsa amachita dzimbiri. Zonsezi ndi ntchito ya mpweya wa okosijeni. M'thupi mwathunso, maselo akamawotcha chakudya kuti tipeze mphamvu, pamatuluka tizinthu tolusa totchedwa ma free radical, timene timakanda makoma a maselo ndi kuwononga mafuta oyenda m'magazi, ndipo mafuta owonongekawo ndi amene amamatirira msanga m'mitsempha. Fodya, shuga wokwera, ndi utsi wa mbaula ya malasha m'chipinda chotseka nthawi ya chisanu zimachulukitsa tizinthuti. Antioxidant ndi chinthu chilichonse chimene chimatigwira tisanawononge, monga ndimu uja pa peyala.

M'masamba a hawthorn muli magulu awiri aakulu a zinthu zoterezi. Loyamba ndi ma flavonoid, monga vitexin, hyperoside ndi rutin. Lachiwiri ndi ma procyanidin, amene ndi abale a zija zimachititsa tiyi wowirira kukhala wokhakhala pa lilime. Mulinso chlorogenic acid, yemweyo wa mu khofi. Ku labotale timayeza mphamvu yake m'njira yosangalatsa kuona. Pali madzi otchedwa DPPH, a mtundu ngati wa mankhwala a GV aja tinkapakidwa pa zilonda tili ana. Mukadonthezamo madzi a masamba a hawthorn, mtunduwo umazilala n'kusanduka wachikasu, ndipo ukazilala msanga timati antioxidant ndi wamphamvu. Hawthorn amachita bwino ndithu pa mayeso amenewa. Kuchuluka kwa mphamvuyo kumadalira mtundu wa mtengo, nyengo imene masamba anathyoledwa, kaumitsidwe kake, ndi chimene anasungunulira. Madzi otentha satulutsa zofanana ndi zimene mowa wa ku labotale wosakaniza ndi madzi umatulutsa. Choncho tiyi wa masamba, ufa wa m'kapisozi ndi mankhwala okonzedwa ku fakitale si chinthu chimodzi, ngakhale zonse zilembedwe hawthorn.

Apa ndi pamene amalonda amaima, koma nkhani imapitirira. Thupi si botolo la ku labotale. Mukameza kapisozi, ma procyanidin ambiri salowa n'komwe m'magazi ali momwemo. Amaphwanyidwa ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, otsalawo chiwindi chimawasintha, ndipo impso zimawataya mumkodzo. Chofika ku mtima ndi kachigawo kakang'ono. Komanso thupi lili ndi alonda akeake, monga glutathione ndi catalase, amene amagwira ntchito imeneyi usana ndi usiku. Ndipo ma free radical si adani okhaokha, chifukwa asilikali a m'magazi amawagwiritsa ntchito popha majeremusi. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa mphamvu ya antioxidant m'zakudya, wotchedwa ORAC, poona kuti manambalawo sankasonyeza chimene chimachitika m'thupi la munthu ndipo amalonda ankangowagwiritsa ntchito potsatsa malonda. Phunziro lowawa linachokera ku Finland. Amuna osuta fodya oposa 29,000 analowa m'kafukufuku wa mapiritsi a antioxidant, ndipo mu 1994 zinapezeka kuti mwa amene ankamwa beta-carotene khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti m'malo mochepa. Vitamini E nayenso anayesedwa pa anthu zikwizikwi ndipo sanateteze mtima. Sindikunena kuti hawthorn amayambitsa khansa, ayi. Ndikunena kuti mawu akuti antioxidant paokha si umboni woti chinthu chichiza. Za kutsuka magazi, imeneyo ndi ntchito ya impso ndi chiwindi, ndipo BP yosasamalidwa ndi imene imapha impsozo.

Chochititsa chidwi n'chakuti phindu la hawthorn, pamene lilipo, likuoneka kuti limadzera njira zinanso. Pa mayeso a nyama ndi a mitsempha ku labotale, ma procyanidin amachititsa khoma la mtsempha kutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umamasula mtsemphawo kuti magazi adutse bwino, ndipo amawonjezera pang'ono mphamvu ya kufinya kwa mtima. Izi ndi zimene zinachititsa madokotala, makamaka ku Germany, kuyesa chitsambachi pa odwala enieni. Ambiri mwa mayesowo anagwiritsa ntchito mankhwala amodzi otchedwa WS 1442, opangidwa ndi kampani ya Schwabe ku Karlsruhe, amene piritsi lililonse limakhala ndi mlingo wodziwika wa ma procyanidin.

Mu 2008 bungwe la Cochrane, limene limaunika pamodzi zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 14, ndipo mwa amenewo 10 okhudza odwala 855 anawerengedwa pamodzi. Anapeza kuti odwala mtima wofooka pang'ono, akawonjezera hawthorn pa mankhwala awo a kuchipatala, ankapirira ntchito kwa nthawi yotalikirapo, ndipo befu ndi kutopa zinkachepako. Imeneyo ndi nkhani yabwino ndipo sindiibisa. Koma chaka chomwecho kunatuluka kafukufuku wamkulu kuposa onsewo, wotchedwa SPICE, wa odwala 2,681 m'maiko 13 a ku Ulaya. Ena ankamwa mamiligalamu 900 a WS 1442 tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, ena ankamwa piritsi lopanda kanthu, onse akupitiriza mankhwala awo a mtima. Pa funso lalikulu, loti kodi hawthorn amachedwetsa imfa ya mtima, kudwalika mwadzidzidzi kapena kugonekedwa m'chipatala, kusiyana kwake sikunafike poti n'kukhulupirira. Panali kagulu kena ka odwala amene mtima wawo unali usanafooke kwambiri, kamene imfa zadzidzidzi zinaoneka zochepa, koma zopezeka m'kagulu kotere zimafunika kuyesedwanso. Chimene SPICE anatsimikiza n'chakuti mankhwalawo sanavulaze odwala. Ku Michigan, ku America, nako anayesa pa odwala mtima 120 kwa miyezi 6, ndipo mtunda umene ankatha kuyenda pa mphindi 6 sunasiyane pakati pa omwa ndi osamwa.

Nanga BP yeniyeniyo, imene mukufuna kusiyira mapiritsi? Ku England mu 2006 anayesa pa odwala shuga 79, mamiligalamu 1,200 a hawthorn pa tsiku kwa masabata 16. Nambala ya m'munsi ya BP inatsika ndi zosakwana 3, ya pamwamba sinasiyane kwenikweni, ndipo ambiri mwa anthuwo anali akumwabe mapiritsi awo a BP. Taonani chinthu chimodzi m'kafukufuku wa SPICE, wa ku Michigan ndi wa ku England uja, amayi: palibe amene anauza odwala kuti asiye mapiritsi. Hawthorn ankabwera pamwamba, ngati tomato pa ndiwo zophika kale. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, EMA, mu 2016 linangomuvomereza ngati chitsamba cha makolo chothandiza mtima wogunda chifukwa cha nkhawa ndi kusowa tulo, dokotala atatsimikiza kaye kuti palibe matenda aakulu. Ndipo linachenjeza kuti munthu akatupa miyendo, akamva kuwawa pachifuwa kapena akamavutika kupuma, aonane ndi dokotala mwamsanga. Ndi zomwezo mwandilembera.

Ndinali ndi kasitomala wina, bambo woyendetsa galimoto yonyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Blantyre, amene anasiya kudzatenga mapiritsi ake atapeza zitsamba za m'botolo. Ankati akumva bwino kuposa kale, ndipo ndikukhulupirira kuti ankamvadi choncho, pakuti BP ikakwera siliza belu. Patapita miyezi anabwera mkazi wake ndi pepala la kuchipatala, bamboyo atafa mbali imodzi. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinamufotokozera mokwanira tsiku lomaliza limene ndinamuona. N'chifukwa chake ndikukulemberani motalika chonchi.

Za mtengo wa pampanda, chonde auzeni bambo asathyole. Safunsa anadya phula. M'minda ya maluwa ya Johannesburg muli zitsamba zingapo zimene anthu amazitcha hawthorn koma si iye. Chofala kwambiri ndi Pyracantha, chimene ena amati firethorn, cha minga, chokhala ndi tizipatso tofiira kapena tachikasu nthawi ya chisanu, chimene chafalikira mpaka m'tchire la kuno moti boma linachiika pa mndandanda wa zomera zowononga chilengedwe. Masamba ake ndi aang'ono, osagawikana, ndipo sayoyoka chaka chonse. Chinanso ndi Indian hawthorn, chofupika, cha masamba okhuthala ndi maluwa apinki, chimene si Crataegus n'komwe. Hawthorn weniweni wa ku Ulaya masamba ake ndi ogawikana ngati zala ndipo amayoyoka m'chisanu. Ngakhale utakhala weniweni, mpanda wa kwa abwana umapoperedwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo simungadziwe mlingo wa zimene mukumwa. Ndiwonjezere chenjezo limodzi kwa abale athu onse ogwira ntchito m'maluwa: oleander, uja wa masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki kapena oyera, ndi poizoni woimitsa mtima. Tsamba lake lisayandikire mphika.

Mukapita kukiliniki, akakuyezani BP, akamvetsera chifuwa, mwina akatenga magazi oyeza impso ndi kuchuluka kwa magazi, ndi kujambula kagundidwe ka mtima pa ECG. Akakayikira mtima wotopa adzakutumizani kuchipatala chachikulu kukaunika mtima ndi makina. Zikapezeka kuti ndi zimenezo, musataye mtima, chifukwa mankhwala alipo. Furosemide amachotsa madzi ndipo mpumulo umabwera m'masiku ochepa. Enalapril, carvedilol ndi spironolactone anayesedwa pa anthu ambirimbiri ndipo anasonyeza kuti amatalikitsa moyo wa munthu wa mtima wofooka, chimene hawthorn sanathe kusonyeza. Zikapezeka kuti ndi amlodipine amene akutupitsa miyendo, adokotala angachepetse kapena kusintha. Kutopa kwanu ndi mapiritsi kunenenso poyera, chifukwa nthawi zina pamapezeka njira yochepetsera chiwerengero chake. Ndikudziwa kuti ife alendo nthawi zina timalandiridwa moipa pa zipata za zipatala, ndipo kupempha tsiku kwa abwana n'kovuta. Komabe malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Mukamva kuwawa kapena kulemera pachifuwa kofika kumkono kapena kukhosi, mukalephera kupuma muli chikhalire, mukadzuka usiku mukubanika, mukakomoka, kapena pakamwa pakapotoka ndi mkono kufooka, musadikire kuche. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Tinene kuti adokotala akuonani, mapiritsi akonzedwa, ndipo mukufunabe kuyesa hawthorn. Sindingakuletseni, bola adokotalawo adziwe ndi kuvomera. Kwa anthu ambiri savuta. Ena amamva chizungulire, nseru, mutu kapena kusokonezeka m'mimba. Poti amamasula mitsempha, akakumana ndi mapiritsi a BP kapena aja a kuwawa kwa pachifuwa oika pansi pa lilime angakutsitseni mpaka kuchita chidima poimirira. Amene amamwa digoxin kapena warfarin asayambe okha, ndipo woyembekezera opaleshoni asiye masabata awiri tsikulo lisanafike. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asamwe. Pogula, werengani botolo. Palembedwe dzina la Crataegus, palembedwe kuti ndi masamba ndi maluwa, mamiligalamu a kapisozi iliyonse, nambala ya gulu limene anapangira ndi tsiku lothera mphamvu. Mabotolo ambiri a zitsamba kuno ali ndi mawu ang'onoang'ono onena kuti bungwe loona za mankhwala m'dziko lino, SAHPRA, silinawaunike pa ubwino, chitetezo kapena ntchito yake, ndipo mawuwo akutanthauza zomwezo. Makapisozi a m'kapepala kapulasitiki kopanda dzina asiyeni, ngakhale wogulitsayo akhale mnzanu wa kumvano. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi zosakaniza. Liquorice amakweza BP ndi kusunga madzi m'thupi, ndipo St John's wort amafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera. Zonsezi zimapezeka m'matiyi ena olembedwa kuti ndi a mtima kapena a nkhawa.

Ngati ndi ma antioxidant mukufuna, ali kale m'khitchini mwanu pa mtengo wotsika. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ali ndi abale a ma procyanidin omwe aja, rooibos ali ndi akeake, anyezi ndi khungu la apozi zili ndi quercetin, malambe ndi magwafa ali ndi vitamini C wambiri. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi nyemba zimapezeka ku msika wa ku Yeoville ndi kwa amayi ogulitsa m'misewu ya kwanu komweko. Zimenezi zimabwera ndi zina zofunika m'thupi zimene kapisozi alibe. Koma chimene chingasinthe miyendo yanu msanga kuposa zonsezi ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika mu poloni, supu wa m'mapaketi, timabuloko tokometsera ndiwo ndi usipa wouma wa mchere. Ndipo ngati msana ukamawawa mumagula ibuprofen kapena diclofenac, lekani kaye, pakuti amakweza BP ndi kusunga madzi. Imwani paracetamol mpaka muonane ndi adokotala.

Popita kukiliniki tengani mapaketi onse a mapiritsi anu, khadi lanu, ndi botolo la makapisozi a mnzanuwo ngati angakubwerekeni, kuti anamwino aone zolembedwapo. Masiku otsalawa muziyezetsa BP pa famase ili pafupi n'kulemba manambala papepala, ndipo ngati kuntchito kuli sikelo muzidziyeza m'mawa uliwonse, chifukwa kukwera makilogalamu 2 m'masiku atatu ndi madzi, si mafuta. Mukafika musangonena kuti mwabwera kudzatenga mapiritsi, ayi. Nenani zitatu zija momwe mwandilembera ine, mapilo atatuwo osaiwala, ndipo mapiritsi a mawa m'mawa mumwe monga mwa nthawi zonse.